Nyanja ya Mchere m'Thanki ya Galasi

Tsiku lija Aphunzitsi athu a Sayansi anatisonyeza chithunzi cha makorali, anzanga ambiri m'kalasi anati ndi maluwa a pansi pa madzi, ndipo ena anati ndi miyala yopakidwa utoto. Ine nditanena kuti zinthu zimenezi ndinaziwetapo m'nyumba, kalasi lonse linafa nacho chiseko, ndipo mnzanga wina wokhala kumbuyo anafunsa ngati ndinali kuzipatsa madeya. Chifukwa cha chiseko chimenecho akonzi a magazini yathu ino anandipempha kuti ndilembe zimene ndidziwa. Ndavomera mokondwa, pakuti kapena wina wa ife tsiku lina adzakhala ku Beira, ku Dar es Salaam kapena ku Durban, nadzafuna kuyamba ntchito yomweyi, ndipo sindifuna kuti iyeyo adzaphe nsomba monga ndinaphera ine.

Ndisanabwere pa sukulu pano ndinakhala zaka ziwiri, 2022 ndi 2023, kwa amalume anga ku Durban, m'mphepete mwa nyanja yaikulu ya Indian Ocean. Amalumewo amagwira ntchito m'sitolo yogulitsa nsomba zoweta, ndipo amayendanso m'nyumba za anthu ndi m'mahotela kukasamala mathanki a galasi amene muli nsomba ndi makorali. Tsiku lina anabwera ndi thanki yakale ya malita 100 imene abwana awo anawapatsa, nati kwa ine, "Mphwanga, iyi ikhale yako, koma uzimva zimene ndikuuza." Ndinavomera ndi pakamwa pokha.

Poyamba timvane za korali. Korali si mwala ndiponso si duwa ayi, koma ndi nyama. Mukayang'anitsitsa mudzaona kuti chimene chioneka ngati nthambi imodzi ndi mudzi wa tinyama tambirimbiri, ndipo kalikonse kali ndi kamwa pakati ndi timanja tozungulira kamwako. Tinyama ta mitundu ina timatenga calcium ndi carbonate m'madzi ndi kumanga chigoba cholimba chonga mwala wa njereza. Takale tikafa, tatsopano timamanga pamwamba pake, kufikira patapita zaka zikwi zambiri pakhala thanthwe lalikulu pansi pa nyanja. Chodabwitsa n'chakuti m'thupi mwa tinyamati mumakhala ndere zazing'ono zedi zotchedwa zooxanthellae. Nderezi zimapanga chakudya ndi kuwala kwa dzuwa monga achitira masamba a chimanga, ndipo korali amadya gawo lalikulu la chakudyacho, nayenso nazipatsa pokhala. Madzi akatentha kuposa muyeso wake, ngakhale ndi digiri imodzi yokha kwa masabata angapo, korali amatulutsa ndere zija, nayera mbee, ndipo madziwo akapanda kuzizira msanga amafa ndi njala. Zimenezi zinachitika kwambiri mu Indian Ocean m'chaka cha 1998, ndiponso ku Great Barrier Reef ku Australia mu 2016 ndi 2017. Tsono ngati digiri imodzi isautsa makorali m'nyanja yaikulu ija, taganizani za thanki ya malita 100 yoikidwa pa zenera.

Chotero malo muwasankhe musanathire madzi, pakuti mukathira simudzaisunthanso. Lita imodzi ya madzi ilemera kilogalamu imodzi, ndipo thanki yanga pamodzi ndi galasi, miyala ndi mchenga inali kulemera kuposa matumba awiri ndi theka a chimanga. Ifunika tebulo lolimba losapendekeka, kutali ndi dzuwa, kutali ndi utsi wa kukhitchini, ndiponso m'chipinda chimene sapoperamo mankhwala a udzudzu. Oyamba kumene amaganiza kuti thanki yaing'ono ndiyo yosavuta, koma si choncho. Tiyi wa m'kapu azizira msanga kuposa wa m'ketulo. Momwemonso m'thanki yaing'ono kutentha, mchere ndi litsiro zimasintha mofulumira, ndipo cholakwa chaching'ono chimapha zonse usiku umodzi.

Mnzanga wina anandifunsa kuti, "Bwanji osangotunga madzi pa mpopi ndi kuthiramo mchere wa ndiwo?" Madzi a m'nyanja yaikulu ali ndi magalamu 35 a mchere m'lita imodzi iliyonse, koma mcherewo si wa ndiwo wokha. Muli magnesium, calcium, potassium, sulphate ndi zina zambiri, ndipo popanda zimenezo makorali sangamange zigoba zawo. Woweta amagula mchere wosakanizidwa kale wopangidwira ntchito imeneyi. Thanki yanga inadya makilogalamu 3 ndi theka ndi kupitirirapo pang'ono. Madzi a pa mpopi nawonso sayenera, chifukwa ali ndi chlorine, ndipo nthawi zina ali ndi phosphate amene amachulukitsa ndere zoipa, kapena mkuwa wochokera m'mapaipi, umene uli poizoni kwa makorali, nkhono ndi nkhanu. Amalume anali kubwera ndi zigubu za madzi osefedwa ndi makina a reverse osmosis. Mchere musungunulire m'chidebe chapadera, madziwo agone usiku akuzungulira ndi pampu, ndipo m'mawa muwayese ndi kachipangizo kotchedwa refractometer. Kakasonyeza 1.025 kapena 1.026, madzi ali bwino.

Pansi pa thanki tinayala mchenga woyera wa makorali, ndipo pamwamba pake tinasanja miyala yobookabooka, kusiya mapanga oti nsomba zibisalemo ndi mipata yoti madzi apitemo. Miyala yotere ikachokera m'nyanja kapena m'thanki yakale amaitcha miyala yamoyo, chifukwa m'timabowo take mumakhala mabakiteriya ndi tizilombo tina tothandiza. Munthu wina wa ku Jakarta, Lee Chin Eng, analemba za njira imeneyi m'chaka cha 1961, ndipo kufikira lero ndiyo maziko a ntchito yonse. Koma masiku ano ambiri amagula miyala youma kapena yochita kuumba, kuti matanthwe a m'nyanja asagumulidwe, ndipo mabakiteriya amawatenga m'botolo kapena pa kamwala kamodzi kochokera m'thanki ya mnzawo. Ife tinachita choncho.

Tinathira madzi Loweruka. Pofika Lachitatu fumbi la mchenga linali litadikha, ndipo madzi anayera kotero kuti munthu sakadadziwa ngati muli madzi kapena ayi. Amalume anali atanena kuti musalowe nsomba kufikira patatha masabata asanu ndi limodzi, ndipo ine ndinaona ngati akungondizunza. Iwo atapita ku ntchito ku mzinda wina kwa masiku angapo, ndinatenga tindalama tanga timene ndinasunga miyezi itatu, ndi kupita ku sitolo ina kumene sanali kundidziwa. Wogulitsa anandifunsa ngati thanki yanga inali yakale, ndipo ndichita manyazi kunena kuti ndinamunamiza. Ndinagula tinsomba tiwiri ta mtundu wa clownfish, tofiirira ngati lalanje, ta mizere itatu yoyera, tomwe tija ena a inu munationa m'filimu ya Finding Nemo ya mu 2003. Ndinali kutipatsa chakudya katatu pa tsiku, chambiri, pakuti ndinati mlendo sagona ndi njala. Tsiku lachitatu tinaleka kudya ndipo tinali kupuma mofulumira pamwamba pa madzi. Tsiku lachisanu m'mamawa ndinatipeza tonse tiwiri tili gone pa mchenga.

Amalume atabwera sanandikalipire. Anatunga madzi pang'ono m'kabotolo ka galasi, nadonthezamo mankhwala oyesera, nandiuza kuti ndiyang'ane. Madzi aja, amene akadakhala achikasu akadakhala abwino, anasanduka obiriwira. Iwo anati, "Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Iwe unaona kuyera kwa madzi, koma nsomba zako zinali kupuma poizoni."

Poizoniyo dzina lake ndi amoniya, ndipo pano mpamene pagona phunziro lonse. Nsomba iliyonse imatulutsa amoniya kupyolera m'ziwalo zake zopumira za m'mbali mwa mutu, ndipo chakudya chotsala chikawola chimatulutsanso yemweyo. M'nyanja amoniya amamwazika m'madzi osawerengeka, koma m'thanki alibe kopita. Choipanso n'chakuti madzi a mchere ali ndi pH ya pakati pa 8.1 ndi 8.3, ndipo pH ikakwera chotero ukali wa amoniya umakulanso. Amene amapulumutsa nsomba ndi mabakiteriya a magulu awiri okhala pa miyala ndi mu mchenga. Gulu loyamba limasandutsa amoniya kukhala nitrite, amenenso sali wabwino, ndipo gulu lachiwiri limasandutsa nitrite kukhala nitrate, amene alibe ukali wambiri ndipo timamchepetsa posintha madzi. Ndiwo mabakiteriya a mtundu womwewo umene ugwira ntchito m'dothi la m'munda mwa agogo anu, ndipo katswiri wa ku Russia, Sergei Winogradsky, ndiye anayamba kuwapatula ndi kuwaphunzira cha m'ma 1890. Koma ali ndi khalidwe limodzi losautsa: amaswana mochedwa. Pamene mabakiteriya ena amagawikana pawiri pa mphindi 20 zokha, awa amatenga maola ambiri, mwina tsiku lathunthu. M'thanki yatsopano ali owerengeka, ndipo kuti achuluke kufikira atathe litsiro la nsomba ziwiri pafunika masabata 4 kufikira 6. Palibe ndalama imene ingagule masabata amenewa onse, ngakhale mabakiteriya a m'botolo amawafupikitsako.

Tsono tinayambanso, ndipo ulendo uno ndinaweta thanki yopanda nsomba. Ndinaponyamo kachakudya pang'ono kuti kawole, mabakiteriya apeze chodya, ndipo masiku awiri alionse ndinali kuyesa madzi ndi kulemba m'kabuku. Amoniya anakwera, ndipo pa sabata lachitatu anayamba kutsika. Iye akutsika, nitrite anakwera, nakhala pamwamba masiku ambiri mpaka ndinataya mtima, koma pa sabata lachisanu nayenso anagwa. Zonse ziwiri zitafika pa 0, nitrate naoneka, amalume anati thanki yapsa. Musakhulupirire maso anu kapena kalendala pa nkhani imeneyi. Khulupirirani kabotolo koyesera.

Masiku omwewo miyala ndi galasi zinakutidwa ndi ndere zofiirira zonga dzimbiri, ndipo ndinafuna kutaya madzi onse ndi kutsuka miyala ndi sopo. Amalume anandiletsa, nati nderezo zimabwera m'thanki yatsopano iliyonse ndipo zimatha zokha, koma sopo ndiye akadapha mabakiteriya onse amene tinawadikira. M'malo mwake anabwera ndi nkhono zisanu za m'nyanja kuti zizidya nderezo. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine mwambi umenewu ndinali kuumva ngati mawu chabe. Koma madzulo ena, nditakhala chete pa mpando popeza munalibe china choti ndiyang'ane, nkhono imodzi inakwera pa galasi, ndipo ndinaona timaso take tiwiri takuda m'munsi mwa tinyanga, ndi kamwa kake kakupala ndere ngati munthu wopalira. Ndinawaonadi maso a nkhono.

Nsomba zikayamba kulowa, zilowe pang'onopang'ono: imodzi kapena ziwiri, kenaka mudikire masabata awiri kapena atatu kuti mabakiteriya achuluke molingana ndi litsiro latsopano. Chakudya chikhale chimene zingathe kumaliza pa mphindi imodzi kapena ziwiri. Amene ali ndi kathanki kena amayamba wasunga nsomba yatsopano payokha mwezi wathunthu, chifukwa pali nthenda ya timadontho toyera pa khungu imene ikalowa m'thanki yaikulu ivuta kuichotsa, pakuti mankhwala ake ambiri ali ndi mkuwa, ndipo mkuwa ndanena kale chimene umachita kwa makorali.

Cholakwa changa chachiwiri amalume anachigwira chisanachitike. Madzi a m'thanki amaphwa tsiku ndi tsiku, ndipo ine poona kuti atsika ndinatenga chidebe cha madzi a mchere kuti ndionjezere. Iwo anandigwira dzanja nandifunsa kuti, "Kodi chimene chauluka ndi madzi kapena mchere?" Amene munaphwetsapo madzi a mchere pa moto m'labotale mudziwa yankho lake: madzi amapita, mchere umatsala. Chotero obwezera amene aphwa akhale madzi osefedwa opanda mchere, ndipo mulembe kamzere pa galasi kuti muzidzaza kufikira pomwepo tsiku lililonse. Chifukwa chake ndi osmosis. Kampango wa m'Nyanja ya Malawi ali ndi mchere wambiri m'thupi kuposa madzi omuzungulira, kotero madzi amalowa okha m'thupi mwake ndipo iye amakodza kwambiri. Nsomba ya m'nyanja ya mchere ili ndi vuto lotembenuka: madzi amatuluka m'thupi mwake, ndipo imamwa kosaleka ndi kutaya mchere kupyolera m'ziwalo zopumira zija. Koma makorali ndi nkhono alibe nzeru imeneyi. Mchere wa m'thupi mwawo umangotsata wa m'madzi, ndipo ukasintha modzidzimutsa amavulala. Madzi a mchere atsopano ntchito yake ndi ina: sabata lililonse ndinali kuchotsa malita 10 akale ndi kuthira 10 atsopano, olingana mchere ndi kutentha komwe.

Kutentha kukhale pakati pa madigiri 24 ndi 26. M'nyengo yozizira kachipangizo kotenthetsa madzi kamagwira ntchito imeneyi, ndipo m'miyezi yotentha ya Januwale ndi Febuluwale tinali kuika fani kuti iziuzira pamwamba pa madzi. Nyale za LED zoyera ndi zabuluu ziyake maola 8 kapena 10 pa tsiku, nthawi yake yomweyo, pakuti ndizo dzuwa la ndere zija za m'thupi mwa korali. Madzinso asaime. Korali sayenda, madzi ndiwo amamubweretsera chakudya ndi mpweya ndi kumuchotsera litsiro, kotero pafunika timapampu toyendetsa madzi usana ndi usiku. Madzi a mchere ndi magetsi sizimvana, choncho zimitsani zonse musanalowetse dzanja.

Usiku wina kunagwa mvula ya mphepo ndipo magetsi anazima kufikira m'mawa. Nyale zitazima palibe choopsa kwa tsiku limodzi kapena awiri, koma pampu ikaima mpweya umatha m'madzi pa maola ochepa. Amalume anandidzutsa, nandipatsa jagi, ndipo tinasinthana usiku wonse kutunga madzi a m'thanki ndi kuwathiranso kuchokera m'mwamba kuti achite thovu. Pamene ndinali kudandaula ndi tulo, anandiuza kuti njirayi ndi yakale kuposa magetsi a m'nyumba. M'chaka cha 1846 mayi wina wa ku England, Anna Thynne, anatenga timakorali ta m'madzi ozizira ku Torquay kupita nato ku London, ndipo anatisunga tamoyo pafupifupi zaka zitatu, wantchito wake akukhuthula madzi uku ndi uku pa zenera lotsegula tsiku ndi tsiku. Patapita zaka zochepa, mu 1853, ku London Zoo anatsegula nyumba yoyamba yoonetsera anthu nsomba m'mathanki. Ife usiku umenewo sitinataye kanthu, ndipo mwezi utatha amalume anagula kapampu ka mpweya koyendera mabatire.

Za zoweta zoyamba nazo, ine ndiganiza kuti clownfish ndiyo yabwino, makamaka yobadwira m'thanki, chifukwa yazolowera kale chakudya cha m'chitini ndipo sinachotsedwe m'nyanja. Mugule ziwiri zazing'ono, pakuti zonse zimayamba moyo monga zazimuna, ndipo imene ikula kuposa inzake imasanduka yaikazi. Nsomba yabuluu ija ya m'filimu yomweyo, blue tang, muisiye; imakula kufikira masentimita 30 ndipo m'thanki ya malita 100 ingakhale ngati mbuzi m'khola la nkhunda. Makorali alowe patatha miyezi iwiri kapena itatu, ndipo muyambe ndi ofewa, monga aja onga bowa ndi aja onga chikopa. Anthambi okongola otchedwa Acropora afuna madzi osasinthasintha ngakhale pang'ono, ndipo woyamba kumene akawagula wagula maliro.

Chinthu chimene chinandikondweretsa koposa n'chakuti korali amabzalidwa monga chinangwa. Munthu amadula kachidutswa, nakamata pa kamwala, ndipo kamakula kukhala korali wathunthu. Oweta amagawana tizidutswa totere, ndipo palibe chifukwa chokagumulira thanthwe la m'nyanja. Pogula muzifunsa kumene chinthu chachokera, pakuti ku Philippines ndi ku Indonesia asodzi ena akhala akugwira nsomba zokongola pozikomola ndi poizoni wa cyanide, amene amaphanso makorali a pamalopo. Makorali a zigoba zolimba ali pansi pa pangano la maiko lotchedwa CITES, ndipo saoloka malire popanda zikalata. Ku South Africa munthu satola za m'nyanja popanda chilolezo cha boma, ndipo matanthwe a ku Sodwana Bay, kumpoto kwa Durban, ali m'malo otetezedwa. Mukatopa nazo zoweta zanu mupatse woweta mnzanu, osazitaya m'nyanja. Nsomba ya minga yotchedwa lionfish, imene kwawo ndi ku Indian Ocean ndi ku Pacific, inaoneka ku Florida mu 1985, ndipo akatswiri aganiza kuti inachokera m'mathanki a anthu. Kuyambira pamenepo yafalikira m'nyanja ya Caribbean ndi kudya tinsomba ta kumeneko.

Chenjezo limodzi lokhudza moyo wanu: makorali ena ofewa onga timabatani, makamaka a mtundu wa Palythoa, ali ndi poizoni woopsa wotchedwa palytoxin. Muvale magolovesi powagwira, musadzikhudze m'maso, ndipo mwala umene amerapo musauphike kapena kuuthira madzi otentha, chifukwa nthunzi yake yagonekapo mabanja athunthu m'chipatala.

Kunena zoona, pa sukulu pathu pano thanki yotere sitingaithe. Mchere wake ndi wodula, ndipo magetsi athu muwadziwa nokha. Koma ulendo wa amoniya, nitrite ndi nitrate umachitikanso m'madzi opanda mchere, ndipo Aphunzitsi athu a Sayansi avomera kuti mankhwala oyesera akapezeka, kalabu yathu iuyese chigawo chamawa m'chidebe cha miyala ya ku mtsinje, chopanda nsomba. Thanki yanga inatsala ku Durban m'manja mwa amalume, ndipo mwezi watha ananditumizira chithunzi: clownfish zanga zachiwiri zija zaikira mazira pa mwala, ndipo yaimuna ili pomwepo kuwakupiza ndi zipsepse. Kabuku kanga kolembamo zoyesa madzi kali m'sutikesi mwanga ku hositelo. Mnzanga wa madeya uja wakawerenga kale, ndipo wina aliyense wofuna kukaona andipeze tikaweruka Lachisanu.